Chaka Chimene Dziko Linakula

Ana a sukulu akakupatsa dzina usavutike kulikana, udzafa nalo. Mphunzitsi wa jogalafe amene ndikunena pano anamutcha a Wongolani, ndipo dzinalo linawakakamira mpaka akazi awo omwe ankawaitana choncho akafuna kuwaputa. Linachokera pakamwa pawo pomwe. Mwana akalemba mzere wokhota pabolodi, "Wongolani!" Mapu akapachikidwa mopendekeka, "Wongolani!" Tsiku lina ahedi akukhoma chikwangwani pakhomo la ofesi anangomva kumbuyo kwawo, "Bwana, wongolani," ndipo anawongoladi, ana onse akuona.

Khalidweli analitengera kwa bambo awo, amene anali mmisiri womanga nyumba. Mkuluyo sanasiye chuma choti ana n'kukanganirana. Anasiya chingwe chimodzi chokhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga, chimene ankachilendewetsa pakhoma kuti aone ngati laima chilili. Ankati khoma lopendekeka silitsutsana nawe, limangodikira tsiku lake. A Wongolani anatenga chingwecho limodzi ndi mawuwo. Chingwe chinkakhala m'thumba la jekete, mawu ankakhala palilime, ndipo zonse ziwiri zinkatuluka pafupipafupi kuposa mmene anthu ankafunira.

Kuphunzitsa ankakudziwa, apa palibe wotsutsa. Mpira wakutha ankaupenta n'kusanduka dziko lapansi, tochi n'kukhala dzuwa, ndipo mwana wogona m'kalasi ankadzuka yekha kuti aone mmene usiku umabwerera. Mabotolo otayidwa ankawadula n'kukhala zoyezera mvula. Koma abale, kuumira! Munthu uja anali woumira ndi maphunziro ake ngati kuti nzeru zimatha ukagawira mnzako. Zipangizo zake zonse ndi mapepala ankazitsekera m'kabati ya pakona m'chipinda cha aphunzitsi, kiyi n'kumangirira palamba. Si iwo okha ayi, aphunzitsi ambiri ali nako kamtima kameneka, aliyense kufuna kuti ana ake ndiwo akhoze n'kumveka dzina lake. Koma a Wongolani ananyanya. Mnzawo akapempha mpira uja kwa ola limodzi, yankho linali loti, "Mipira yakutha yadzaza kudzala, kapenteni wanu."

Kunyumba akazi awo, amene anali telala wosokera pakhonde, ankawauza mosapita m'mbali. "Abambo, kupatsa n'kuika. Kabati yanu ija mudzalowa nayo m'manda?" Iwo ankangotsokomola n'kufunsa ngati madzi osamba atentha.

Zinthu zinasintha chaka chimene sukulu inalandira makompyuta, pamene kunabweranso mphunzitsi wa masamu, mtsikana wongotuluka kumene kukoleji. Onse ankangomutcha Madamu. Iyeyu ndi amene anapeza tsamba la pa intaneti limene aphunzitsi a mayiko osiyanasiyana amaikapo maphunziro awo kuti aliyense atenge, asinthe, agwiritse ntchito. A Wongolani atamva anaseka chapansipansi. Anati phunziro la eni lili ngati nsapato ya eni, ukaivala imakuluma. Koma Madamu anali wamakani mwaulemu. Tsiku lina anasindikiza phunziro limodzi lonena za mthunzi n'kulisiya patebulo pawo, ngati waliiwala.

Analiwerenga, si munthu woti n'kuona pepala osaliwerenga. Poyamba ankagwedeza mutu movomereza, chifukwa linali lokonzedwa bwino ndithu. Kenaka anafika pamzere wakuti masana dzuwa likafika paliwombo, mthunzi wa ndodo umaloza kumpoto nthawi zonse. Anaimirira mpando n'kugwa. Anatuluka panja, nazika ndodo pabwalo, naitana Madamu kuti adzaone yekha. Mthunzi unali kuloza kummwera, monga unkachitira nyengo imeneyo kuyambira iwo ali mwana.

"Lembani, Madamu," anatero atabwerera pakompyuta, "muwauze amene alemba izi kuti akunamiza ana."

Madamu anayesa kufewetsa mawuwo, koma iwo anaima kumbuyo kwake n'kumawerenga. Uthenga unapita uli wowawa choncho.

Yankho linabwera mawa lake, ndipo silinali lokalipa. Linali la mayi wina, mphunzitsi wa kudziko lakutali la kumpoto kumene kumazizira mpaka madzi kuuma. Anatumiza chithunzi cha ndodo yake itazikidwa pabwalo loyera mbee, mthunzi utaloza kumpoto. Pansi pake analemba kuti, "Bambo, ndodo yanga sikunama, yanunso sikunama. Wolakwa ndine, ndinaiwala kuti dziko lili ndi mbali ina kumene kulinso ana. Ndakonza mzerewo. Kodi mungandipatseko phunziro lanu la mthunzi? Ndikuona kuti mumalidziwa."

A Wongolani anagwidwa ndi manyazi oti sanawamvepo. Munthu wamutukwana, iye n'kukuthokoza! Kenaka anamasula kiyi palamba. Madamu amanena mpaka lero kuti atamva kabati ija ikutseguka anaganiza kuti kwalowa akuba.

Umu ndi mmene anadziwanirana ndi Mayi a Kumpoto, pakuti ndi dzina limene anawapatsa. Mayiwo ndi amene anabweretsa nzeru yoyeza dziko. Pali tsiku pachaka limene usana ndi usiku zimalingana kutalika. Tsiku limenelo, masana enieni, sukulu ya kummwera izike ndodo n'kuyeza mthunzi wake, sukulu ya kumpoto ichitenso chimodzimodzi. Ukaphatikiza miyeso iwiriyo, n'kudziwa mtunda wa pakati pa sukulu ziwirizo, ana amatha kuwerengera okha kukula kwa dziko lonse lapansi. Muyeso umodzi wokha ulibe ntchito, uli ngati chitseko chopanda nyumba. Pamafunika mnzako wakutali amene waima padzuwa tsiku lomwelo.

Koma ndodo iyenera kuima chilili, ikangopendekeka pang'ono zonse zawonongeka. Apa ndi pamene chingwe cha bambo awo chinapeza ntchito yatsopano. A Wongolani ankachilendewetsa pambali pa ndodo, n'kuzungulira mbali zonse, ana akupsa ndi dzuwa. "Wongolani! Zulani, zikaninso!" Chaka china anachita kubwezetsa ana onse panja atalowa kale m'kalasi, chifukwa mphepo inakankha ndodo pang'ono. Mayi a Kumpoto nawo sanapulumuke. Chithunzi chawo chikafika, iwo ankachiyandikiza kumaso, n'kuikapo lula, ndipo akapeza kupendekeka ankalemba mosanyengerera. Mayiwo ankayankha kuti, "Ndamva, bambo wovuta."

Zaka zinapita zambiri. Chaka chilichonse tsikulo likamayandikira, uthenga unkabwera wa mawu omweomwewo: "Ndodo yanga yakonzeka, nanga yanu?" Iwo ankayankha kuti, "Yaima kale." Akamaliza kuwerengera, makalasi awiriwo ankaonana pakompyuta, ana akubayibitsana n'kumasekana zovala, awa ali thukuta, awo ali m'majuzi. Pakati pa chaka ankatumizirana maphunziro ena. Mpira wopenta uja unafika kumpoto, zoyezera mvula zinafika kumayiko amene a Wongolani ankangowaona pamapu. Aphunzitsi achilendo ankawalembera kufunsa kuti botolo alidule pati. Kabati ija inatsala yosatseka, ndipo kiyi wake anasowa osafunidwanso. Akazi awo ankawaseka kuti, "Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma, mayi wa pakompyuta wangonena kamodzi basi." Nsanje analibe. Chaka china anasokera mayiwo kathumba kosungiramo tepi yoyezera, n'kukatumiza pa positi.

Sanakumanepo maso ndi maso, ndipo za kunyumba sankakambirana kwenikweni. A Wongolani ankangodziwa kuti mayiwo ali ndi mwamuna amene kale ankayendetsa basi, ndiponso kuti amakhala pafupi ndi sukulu yawo. Ubwenzi wawo unali wa ndodo, choko ndi ana. Koma musaupeputse. Panalibe munthu wina padziko amene a Wongolani ankamuopa pantchito ngati mayi ameneyu, ndipo panalibenso amene mawu ake oyamikira ankawasangalatsa chotero.

Kenaka shuga inayamba kuwadya maso. Inayamba pang'onopang'ono, zilembo zazing'ono kusowa, kenaka nkhope za ana a kumbuyo kusanduka chifunga. Pamene chaka chawo chopuma pantchito chinkafika, pabolodi ankalemba mongoloweza, ndipo msewu wa pageti la sukulu sankawolokanso okha. Akazi awo ankasiya makina osokera n'kuwaperekeza m'mawa, n'kudzawatenganso ana akaweruka. Mauthenga onse ankawawerengera Madamu, amene tsopano anali mayi wapabanja, wosatinso mtsikana uja. Anawalangiza kuti awauze Mayi a Kumpoto za masowo. Iwo anakana. "Ndidzawauza tikamaliza kuyeza komaliza. Ndikawauza tsopano ayamba kundimvera chisoni, asiya kundiopa."

Chimene ankafuna chinali chimodzi chokha: ayeze dziko komaliza ndi mnzawoyo, atsanzikane bwinobwino ngati anthu, kenaka apite kukakhala pakhonde.

Koma chaka chimenecho uthenga uja wofunsa za ndodo sunabwere. Anadikira, nafunsa Madamu m'mawa uliwonse, mpaka Madamu anayamba kuwazemba pakhonde la makalasi. Potsiriza anaphwanya mwambo wawo n'kuyamba iwo kulemba: "Ndodo yanga yaima kale, nanga yanu?" Kunali zii. Anadzitonthoza kuti mwina intaneti yavuta kumeneko, mwina mayiwo adwala chimfine. Mtima wawo sunavomere.

Tsikulo linafika, kunja kuli ngwee, kopanda ndi kamtambo komwe. Anatuluka ndi ana pabwalo. Mthunzi sankauonanso, choncho nsonga yake anaika chizindikiro ndi ana. Koma ndodo anaimika okha. Analendewetsa chingwe, natsetsereza zala ziwiri kuchokera pamwamba mpaka pansi, chala china pachingwe, china pandodo, kumva ngati mpata ukufanana. Anachita zimenezi mbali zonse. Ana, amene masiku onse ankadandaula dzuwa, tsiku limenelo palibe anatsegula pakamwa.

Atalowa m'kalasi, Madamu anagawa bolodi pakati ndi mzere. Kumanzere analemba muyeso wa kummwera. Kumanja kunatsala kopanda kanthu.

Masiku anayamba kudutsa, bolodi lili chomwecho. A Wongolani analetsa kulifufuta, moti aphunzitsi ena ankachita kulemba m'mphepete n'kumang'ung'udza. Madamu anawatsata m'chipinda cha aphunzitsi nthawi yopuma.

"Bambo, phunziro lanu lija linafalikira. Patsamba paja aphunzitsi ambiri a kumpoto aika miyeso yawo ya tsiku lomwelo. Titenge umodzi, ana amalize ntchito."

"Ayi."

"Nambala ndi nambala, bambo."

"Madamu, inu ndinu a masamu, mukunena zoona. Koma ine sindikudikira nambala. Ndikudikira nambala yawo."

Madamu sanalimbane nawo. Anaona kuti mkuluyo waonda m'masiku ochepa omwewo, ndipo akazi awo anali atamutsina khutu pageti kuti chakudya akungochitosatosa.

Uthenga unabwera m'mawa wina kalasi isanayambe. Madamu anauona pafoni ali pakhomo la chipinda cha aphunzitsi, nafuula kuti, "Bambo, ayankha!" Kenaka anayamba kuwerenga, ndipo mawu ake anazilala. A Wongolani anatembenuzira khutu kumene kunali iye.

"Werengani mokweza."

Unachokera pa dzina la Mayi a Kumpoto, koma wolemba anali mwamuna wawo, woyendetsa basi uja. Mawu ake anali ochepa, a munthu wosazolowera kulemba. Anati mkazi wake anamwalira miyezi yapitayi, atadwala nthawi yaitali osafuna kuti anthu adziwe. Ali m'chipatala anamuuza kuti kummwera kuli bambo wina wovuta amene adzaima padzuwa ndi ana n'kumadikira, ndipo asadzawasiye akudikira. Kusukulu kunali kusanabwere mphunzitsi wolowa m'malo. Choncho tsikulo litafika iye anatenga mtengo wa tsache, nauzika mumphika wa maluwa kuseri kwa nyumba, nayeza mthunzi ndi tepi ya mkazi wake, imene anaipeza m'kathumba kosokedwa bwino. Kutumiza ndi kumene kunamuvuta, mpaka woyandikana naye nyumba anamuthandiza. "Pepani ndachedwa," anamaliza choncho. "Sindine mphunzitsi. Ndachita mmene ndinkamuonera akuchitira."

M'chipindamo munali aphunzitsi ena, koma onse anatuluka mmodzimmodzi osauzidwa. A Wongolani anakhala pampando wawo, manja ali pamawondo. Sanalire mokweza. Misozi inkangotsika yokha m'masaya, iwo osaipukuta. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti onse awiri anabisirana, uyu maso, uyo matenda, aliyense kufuna kuoneka wolimba kwa mnzake, ndipo mpata wotsanzikana unatha osaudziwa.

Patapita nthawi anafunsa. "Atumiza chithunzi?"

"Atumiza, bambo."

"Ndodo yaima bwanji?"

Madamu anayang'ana chithunzicho. Mtengo wa tsache unali wopendekeka moti ngakhale mwana akanaona, utaweramira kudzuwa, dothi la mumphika litakanika kuugwira. Pakona pa chithunzi pankaoneka nsapato za mwamuna wokalamba.

"Yaima, bambo."

"Madamu, afa ndi maso, makutu anga ali moyo."

"Yapendekeka, bambo. Kwambiri. Mthunzi wafupika."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Madamu ankawadziwa bwino munthu ameneyu, amene anabwezapo kalasi yonse padzuwa chifukwa cha kamphepo, amene anadzudzulapo mayi omwewo chifukwa cha kupendekeka kosaoneka ndi maso. Anayembekeza kumva kuti muyesowo sungagwire ntchito, ndipo anali atakonzeka kale kukatenga wina patsamba paja.

"Tiyeni m'kalasi," anatero iwo.

Anaima kutsogolo kwa ana n'kuwauza zonse mosabisa, kuti mphunzitsi amene ankawabayibitsa pakompyuta uja watisiya, ndiponso kuti wayeza chaka chino ndi mwamuna wake. Ena mwa anawo anali ndi akulu awo amene anayezapo dziko ndi mayi omwewo, ndipo nkhope yawo ankaidziwa. Foni inayenda desiki ndi desiki kuti aliyense aone chithunzi. Aliyense anaiona ndodo yopendekekayo, ndipo aliyense ankadziwa mawu amene amayenera kutsatira. Anayang'ana pakamwa pa aphunzitsi awo, koma mawuwo sanatuluke.

"Madamu, lembani muyesowo kumanja."

Madamu analemba. Ana anaweramira m'makope, m'kalasi mukungomveka mapensulo. Mtsikana wina wa kutsogolo, amene ankamaliza masamu msanga kuposa onse, anawerengera kawiri asanakweze mkono.

"Aphunzitsi, talakwitsa. Dziko latuluka lalikulu kwambiri kuposa la m'buku."

"Simunalakwitse, mwanangu. Ndodo ikaweramira kudzuwa mthunzi umafupika, ndipo mthunzi ukafupika dziko limatuluka lalikulu. Limenelinso ndi phunziro, muligwire. La m'bukulo ndiye loona, pamayeso mudzalembe limenelo." Anapuma pang'ono, nagwira m'mphepete mwa tebulo. "Koma lero lembani mmene latulukiramo. Pansi pake mulembe kuti ndodo ya kumpoto inapendekeka chifukwa anaiimika ndi munthu amene si mphunzitsi, amene ankasunga pangano la mkazi wake. Musafufute. Kwa ine chaka chino dziko lakuladi."

Ana analemba. Ena ankapukuta m'maso ndi mikono ya malaya, ndipo palibe anaseka mnzake.

Ataweruka, a Wongolani anaitana Madamu m'chipinda cha aphunzitsi kuti ayankhe uthenga uja. Anamuuza mawu ake pang'onopang'ono. Anapepesa maliro, nathokoza mwamunayo, namuuza kuti muyeso wake wafika ndipo ana agwiritsa ntchito. Za kupendekeka sanatchule. Anangoti, ngati mphamvu zidzakhalapo chaka chamawa, adzamangirire kiyi wolemera kuchingwe n'kuchilendewetsa pambali pa ndodo, chidzamuthandiza, ndipo kummwera kuno adzadikira.

Madamu anasiya kulemba. "Chaka chamawa inu mudzakhala mutapuma, bambo."

Iwo anapisa dzanja m'thumba la jekete, natulutsa chingwe cha bambo awo, kachitsulo kake katachita kusalala ndi manja a anthu awiri. Anapapasa patebulo mpaka anapeza dzanja la Madamu, nachiika m'menemo, nalifumbatitsa.

"N'chifukwa chake ndati adzadikira, sindinati ndidzadikira. Ndipo phunziro la lero mukaliike patsamba paja, ndi nambala yake yomweyo, aliyense wofuna atenge."

Pageti akazi awo anali atafika kale, ulusi utawamatirira pachovala monga mwa masiku onse. Anawayang'ana amuna awo kumaso, nawafunsa funso limene ankafunsa tsiku lililonse.

"Nambala ija yabwera?"

"Yabwera."

"Eya, mwaona! Nanga mayi aja ali bwanji?"

Dzanja la a Wongolani linapita lokha m'thumba la jekete, napezamo mulibe kanthu. Akazi awo anaona zimenezo, naonanso m'masaya mwawo, ndipo sanafunsenso. Anangowayandikira n'kuwapatsa mkono. Masiku onse mkuluyo ankaugwira ndi zala ziwiri zokha, kuti anthu asaone kuti akutsogoleredwa. Tsiku limenelo anaugwira ndi manja onse awiri, ndipo anawoloka msewu.